Mwasiya ntchito ya pakampani: njira yopezera chodzukira m'mawa

Munthu akasiya ntchito ya kubanki, ku kampani ya mafoni, ya inshuwalansi kapena ya shuga, abale amathamangira funso limodzi: "Ndiye mudya chiyani?" Funsoli ndi loona ndipo tiliyankha. Koma amene anadutsamo amadziwa kuti pali lina loluma kwambiri, lomwe silifunsidwa pagulu: ndine yani tsopano, poti sindinenso bwana wa nthambi yakuti? Ntchito ija sinkangokupatsani malipiro. Inkakuuzani nthawi yodzuka, inkakupatsani anthu ocheza nawo, komanso dzina lomwe munkadziwika nalo kutchalitchi, kumzikiti ndi pamaliro. Tsiku lomwe mwabweza makiyi ndi chiphaso cholowera pageti, zonsezi zimachokera limodzi.

Mfundo yanga ndi imodzi. Cholinga cha moyo sichipezeka pokhala pakhonde n'kumalingalira. Chimabwera pamene pali anthu enieni amene akukudikirani tsiku lakuti, nthawi yakuti, chifukwa muli ndi chimene iwo akusowa. Zomwe ndalemba m'munsimu ndi njira yofikira pamenepo ndalama zisanathe, mtima usanafooke.

Choyamba: musanatuluke pageti, dziwani zanu

Kusiya nokha ndi kuchotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito ndi zinthu ziwiri zosiyana pamaso pa lamulo. Malinga ndi lamulo la zantchito la m'Malawi, wochotsedwa pochepetsa antchito amayenera kulandira ndalama za severance: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi a masabata anayi pa chaka chilichonse kuyambira chaka cha 11. Wolemba yekha kalata yotula pansi udindo nthawi zambiri salandira zimenezi. Ndiye ngati kuntchito kwayamba manong'onong'o oti achepetsa anthu, musafulumire kulemba kalata chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi.

Pemphani kalata yotsimikiza kuti munagwira ntchito pamenepo kuyambira liti mpaka liti. Onetsetsani kuti masiku a tchuthi omwe simunapite awerengeredwa. Kenako penshoni: kuyambira 2011 lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Pitani nokha ku kampani yomwe imasunga penshoni yanu mukatenge chikalata chosonyeza zomwe zinalowa mwezi ndi mwezi, chifukwa alipo mabwana amene amadula pamalipiro koma osatumiza. Lamulo la penshoni linasinthidwa mu 2023, choncho afunseni akuuzeni, molemba, gawo lomwe mungatenge ndi nthawi yake. Zikavuta, ofesi ya zantchito ya paboma ndi khoti la Industrial Relations zilipo.

Zina ziwiri zomwe anthu amaiwala. Sikimu ya chipatala, kaya ndi MASM kaya ina, imatha ntchito ikatha, ndiye funsani mtengo wopitirizira panokha, makamaka ngati m'nyumba muli wodwala shuga kapena BP. Ndipo ngongole yomwe banki inkadula pamalipiro siifa ndi ntchitoyo. Pitani mukakambirane nawo asanayambe kukuimbirani.

Chachiwiri: werengani ndalama muli awiri, kenako uzani abale

Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, kope ndi cholembera zili patebulo. Lembani zomwe nyumba yanu imadya pamwezi popanda kudzinamiza: lendi, ufa, ndiwo, mayunitsi a magetsi, madzi, fizi, thiransipoti, mankhwala, chopereka, za makolo kumudzi. Gawani ndalama zomwe muli nazo ndi chiwerengero chimenecho. Yankho lake ndi miyezi yomwe muli nayo. Mukalipeza, chotsanipo miyezi ingapo, chifukwa kwacha sikhala pamodzi. Tonse tikukumbukira kuti inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya m'sitolo inakwera anthu asanatembenuke.

Gawani ndalamazo patatu. Gawo loyamba ndi la chakudya ndi fizi kwa chaka chathunthu, ndipo limeneli silikhudzidwa ngakhale mnzanu atabwera ndi geni yokoma bwanji. Lachiwiri ndi la matenda ndi maliro. Lachitatu, lomwe liyenera kukhala laling'ono kuposa mmene mtima ukufunira, ndilo loyesera zinthu zatsopano.

Tsopano nkhani yovuta, ya abale. Kwathu kuno munthu wa pantchito yabwino sadya yekha. Pali mwana wa achemwali amene mumamulipirira ku sekondale, pali feteleza wa amayi, pali amalume amene amaimba mwezi ukatha. Ambiri amabisa kuti ntchito yatha, n'kumapitiriza kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ngati kale, kuopa kuti ulemu uchoka. Musatero. Kubisako kumadya ndalama za penshoni mwakachetechete, ndipo tsiku lomwe zidzathe abalewo adzadabwa, ena adzakwiya, chifukwa simunawapatse mpata wokonzeka. Pitani nokha kumudzi, kapena aimbireni mmodzimmodzi. Nenani momveka: "Amalume, ntchito ndinasiya. Fizi ya mwana ndipitiriza mpaka alembe mayeso a Fomu 4, koma za mwezi ndi mwezi zija ndayamba ndaima." Tchulani chomwe mupitirize ndi chomwe mwaleka. Kudandaula kudzakhalapo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma mudzagona tulo.

Chachitatu: miyezi itatu yoyamba musagule minibasi

Ndikunena minibasi, koma mutha kuikapo njinga zamoto za kabaza, chigayo, nkhuku 2,000 kapena malo ogona alendo kunyanja. Ndalama zikalowa zambiri nthawi imodzi, alangizi amachuluka, ndipo inunso mumafuna kuonetsa msanga kuti simunagwe. Imeneyo ndiyo nthawi yoipitsitsa yopangira chiganizo chachikulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'malo mwake, mangani tsiku lanu. Lolemba loyamba limawawa: cha m'ma 7 koloko mageti a aneba akutseguka, magalimoto akutuluka, ana apita kusukulu, inu muli pabalaza ndi kapu ya tiyi, foni ili zii. Pofika masana mupeza kuti akuchotsani pagulu la WhatsApp la kuofesi. Kumva chisoni pamenepo si kufooka, ngakhale mutakhala kuti munasiya mwa kufuna kwanu. Mwataya chinthu chomwe munakhala nacho zaka zambiri.

Chomwe chimathandiza ndi zinthu zazing'ono zokhazikika. Dzukani nthawi yomweyo tsiku lililonse, sambani, valani. Yendani pansi kwa ola limodzi dzuwa lisanakwere. Pitani nokha kumsika. Ikani chinthu chimodzi patsiku chomwe chikutulutseni pakhomo, ngakhale kukhale kukaona wodwala. Chenjerani ndi bala yotsegula m'mawa, kubetcha pafoni ndi TV ya tsiku lonse, chifukwa zimenezi zimameza munthu amene alibe pomudikira.

Chachinayi: lekanitsani udindo ndi luso

Udindo unatsala ku kampani, ndipo pampando panu pakhala kale wina. Luso munatuluka nalo. Vuto n'loti ambiri sadziwa luso lawo chifukwa anazolowera kudzitchula ndi udindo.

Tengani pepala mulembe zinthu khumi zomwe munachita pantchito zomwe munabwerera nazo kunyumba mtima uli mbee. Musalembe zomwe munalandirira mphoto, lembani zomwe zinakukomerani. Mwina ndi tsiku lomwe munapeza pomwe ndalama zinkabedwera. Mwina ndi mtsikana amene munamuphunzitsa ntchito, lero ndi manijala. Mwina ndi mkangano wa antchito awiri womwe munauthetsa. Mukaziyang'ana pamodzi, muona kuti zikubwerezabwereza chinthu chimodzi kapena ziwiri: kuphunzitsa, kulongosola zosokonekera, kuyanjanitsa anthu, kugulitsa, kuwerengera.

Kenako funsani anthu atatu amene munkawayang'anira, osati mabwana anu. Afunseni kuti, "Kodi mukandisowa, mumandisowa pa chiyani?" Dalaivala kapena kalaliki adzakuuzani zoona zomwe simunaziganizepo. Ngati ndinu membala wa bungwe la akatswiri, monga ICAM kwa owerengera ndalama, pitirizani kulipira umembala wanu. Ndi khomo lomwe simuyenera kulitseka.

Chachisanu: pitani kumene luso lanu likusoweka

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwapo.

Dziko lathu lili ndi magulu ambiri omwe akuvutika chifukwa chosowa zinthu zomwe inu munkachita musanamwe n'komwe tiyi wa 10 koloko. Makopaletivi a alimi a mkaka, a mpunga ndi a soya amagwa osati chifukwa alimi ndi aulesi, koma chifukwa palibe wolemba mabuku bwino kapena wodziwa kuwerenga mgwirizano ndi wogula. Ma SACCO, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, amafuna anthu a m'makomiti oyang'anira. Komiti ya sukulu ya pulayimale imalandira ndalama zotukulira sukulu koma sidziwa kupanga bajeti. Ku CDSS yapafupi kuli ana a Fomu 3 amene masamu awakanika. Kuli makomiti a pachipatala chaching'ono, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, sukulu za mkombaphala za m'midzi, komiti ya chuma ya pampingo. Kuli achinyamata omaliza maphunziro a TEVETA, odziwa kuwotcherera kapena kusoka, koma osadziwa kuika mtengo pa ntchito yawo.

Taganizirani gulu la banki mkhonde lomwe limakumana Lachinayi masana pansi pa mtengo wa mango. Amayi 20, bokosi la maloko atatu, kope la sukulu lopindika m'makona. Mlembi walemba ngongole ndi masheya patsamba limodzi, manambala ena afufutika ndi thukuta, ndipo chaka chatha pogawana mu December panabuka mkangano womwe unatsala pang'ono kupasula gululo. Munthu amene anakhala zaka 15 akuyang'ana mabuku a kampani angathe, pa masabata anayi okha, kuwaonetsa kujambula mizere itatu, kulemba tsiku, ndi kuwerengetsa bokosi pamaso pa onse asanabalalike. December wotsatira akagawana popanda kulozana zala, munthuyo amamva chinthu chomwe bonasi sinamupatsepo.

Koma pali kachitidwe kake.

Sankhani malo amodzi, osati asanu. Munthu wongosiya ntchito amavomera chilichonse, n'kupezeka ali m'makomiti asanu ndi limodzi, onse osapindula naye. Lonjezani tsiku limodzi pasabata, nthawi yodziwika, kwa miyezi itatu, ndipo muzifika ngakhale kugwe mvula. Kukhazikikako ndiko kumabala chikhulupiriro, ndipo ndiko kumakupatsani inuyo chodzukira.

Lowani kudzera pakhomo. Kumudzi yambani mwaonekera kwa amfumu, kusukulu kwa ahedi, kumpingo kwa abusa kapena akulu ampingo, kumzikiti kwa ashehe. Nenani chomwe mungathe, funsani chomwe akufuna.

Ndipo ubwana usiyeni kunyumba. Ichi ndi chomwe chimagwetsa ambiri ochokera m'makampani. Amafika ndi laputopu ndi Chingerezi, n'kuyamba kukonza zinthu tsiku loyamba, anthu n'kumangoti "inde bwana", sabata yotsatira osabweranso. Mwezi woyamba khalani pamphasa kapena pabenchi pomwe akhala ena, mverani, funsani chifukwa chomwe amachitira zinthu mmene amachitiramo. Nthawi zambiri chifukwa chimakhalapo. Musagwire ndalama za gulu, musakhale msungichuma, ndipo musayambe kugula zakumwa pamsonkhano uliwonse, chifukwa mukatero mwasanduka bungwe lothandiza, ndipo adzakudikirani chifukwa cha thumba lanu. Cholinga chanu n'choti mlembi wa gululo adziwe ntchito mpaka asakufuneninso.

Pakatha miyezi itatu dzifunseni: kodi tsiku limeneli ndimaliyembekezera, kapena ndimapita mokoka miyendo? Ngati ndi mokoka miyendo, tsanzikani mwaulemu muyese kwina. Si aliyense amene anabadwira kuphunzitsa ana, ndipo si aliyense angapirire misonkhano ya komiti.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani zopezera ndalama, pang'onopang'ono

Kuthandiza ena sikulipira lendi, ndiye pafunikanso cholowetsa ndalama. Nthawi zina ziwirizi zimakumana: kopaletivi yomwe munaithandiza ulere imakutchulani kwa bungwe lomwe likufuna wophunzitsa magulu khumi, ndipo limalipira. Koma musadalire zimenezo.

Njira yachidule ndi kugulitsa luso lomwe muli nalo kale. Masitolo, sukulu zapulaiveti, zipatala zazing'ono ndi makampani a zomangamanga amafuna wowalembera mabuku, wowakonzera za misonkho kapena za antchito, koma sangakwanitse kulemba munthu wa mwezi wonse. Lembetsani dzina la bizinesi, tengani TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA, tsegulani akaunti yosiyana ndi ya pakhomo. Gwirizanani mtengo molemba musanayambe, ngakhale ndi mnzanu wa kusukulu, ndipo pemphani gawo lina patsogolo.

Za ulimi ndinenepo mosabisa, poti ndi kumene ambiri amathamangira. Ulimi ndi ntchito yabwino, koma ulimi wa pafoni, woti inu muli ku Area 47 kapena ku Namiwawa n'kumatumiza ndalama kwa msuweni ku Mchinji, umatha ndi udani pachibale. Ngati mukufuna kulima, yambani ndi ekala imodzi kapena ziwiri zobwereka, mukhalepo nokha pobzala, pothira feteleza ndi pokolola. Kaonaneni ndi alangizi a zaulimi a m'deralo. Dziwani wogula musanagule mbewu. Ndipo kumbukirani kuti mvula ilibe mgwirizano ndi munthu: mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda m'chigawo cha kummwera, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Amene anaika penshoni yonse m'munda zaka zimenezo analira. Pogula malo a kumudzi, musakhutire ndi kapepala ka munthu mmodzi. Amfumu, banja lonse la wogulitsayo ndi ofesi ya zamalo ya kukhonsolo adziwe.

Pa geni iliyonse, lamulo likhale ili: ikanipo ndalama zomwe zitatayika simungachotse mwana pasukulu. Katapila musamuyandikire.

Chachisanu ndi chiwiri: samalani anthu anu, ndi mutu wanu

Ena mwa omwe munkadya nawo nkhomaliro adzasiya kuyankha foni. Musawasungire chakukhosi, unali ubwenzi wa pantchito ndipo watha ndi ntchitoyo. Awiri kapena atatu adzatsala. Amenewo muziwaimbira ndinu, osadikira kuti ayambe iwo. Funaninso munthu mmodzi amene anasiya ntchito zaka zingapo inu musanasiye, muzikumana naye kamodzi pamwezi. Adzakuuzani zomwe sangakuuzeni amene akadali pamalipiro.

Kunyumba nakonso zinthu zimasintha. Mnzanu wapabanja anali ndi kayendetsedwe kake ka pakhomo inu muli kuofesi, ndiye musafike n'kuyamba kuyendera khitchini ngati nthambi ya kampani. Funsani ntchito yomwe mungatenge, muitenge yonse: kuperekeza ana, kugula zapakhomo, kuthirira dimba. Ngati tsopano amene akubweretsa ndalama ndi mayi, bambo asaone ngati wachepa, ndipo nkhaniyi muikambe poyera awirinu isanasanduke mkwiyo wobisika. Kwa amayi amene asiya ntchito ngozi yake ndi ina: abale onse amaona ngati mwapezeka, odwala onse ndi ana onse n'kukutulirani. Tsiku lanu lija la pasabata litetezeni.

Ngati padutsa masabata awiri kapena kuposerapo musakugona, chakudya chisakukoma, mulibe chilakolako cha chilichonse, kapena mowa wayamba kuchuluka, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Pitani kuchipatala cha boma lanu mukafunse wa zamaganizo, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo. Amuna ambiri m'dziko muno atisiya chifukwa cha ngongole ndi kutha kwa ntchito ali chete, ndipo sitikufuna kuti inu muwonjezere chiwerengerocho.

Chomaliza: pakatha miyezi isanu ndi umodzi, unikani

Bwererani ku kope lija. Miyezi yomwe yatsala ndi ingati? Pa zomwe mwayesa, n'chiti chomwe anthu abweranso kudzakufunani, ndipo n'chiti chomwe mwachita mosakakamizidwa? Pomwe mayankho awiriwa akumana, onjezanipo masiku. Zinazo zisiyeni, ngakhale munauza kale anthu kuti ndiye tsogolo lanu.

Mwina mudzapeza kuti ndalama zikutha msanga kuposa mmene geni ikukulira. Pamenepo funani ntchito, ndipo musachite manyazi. Itha kukhala ya masiku atatu pasabata, ya pakampani yaing'ono, yophunzitsa pakoleji madzulo, kapena ya malipiro ochepa kuposa akale. Pokambirana ndi bwana watsopanoyo, tchulani kuyambira pachiyambi kuti muli ndi tsiku kapena madzulo omwe munalonjeza kale kwa gulu lakuti, ndipo pemphani kuti zimenezo zilembedwe mumgwirizano wanu.